Chimanga cha m'Chumuni

Agnesi mwana wanga, mutu uno ndikulembera iwe makamaka, ngakhale abale ako nawonso ayenera kuwerenga. Pa tchuthi chapitachi unafika kuno ku Madzimoyo ndi tsache m'manja ngati watumidwa ndi a zaumoyo. Unasesa nyumba yonse, unachapa makatani, kenako unakwera pa mpando m'khitchini n'kutsegula kachitseko kamalata kali pa chumuni. Unapezamo chimanga chakuda bii ndi mwaye, n'kukachiponyera nkhuku. Nditakalipa unadabwa. Ndinakumva ukuuza amayi ako kuseri kuti, "Atate akalamba, ayamba kusunga zinyalala m'chumuni." Tsikulo sindinakuyankhe chifukwa mtima unali m'mwamba, ndipo mukudziwa nonse kuti ine ndikapsa mtima ndimachita chibwibwi. Tsopano mtima watsika, khala pansi umve kumene chimangacho chinachokera.

1990: Ku Malaini

Ntchito yolembedwa ndinaiyamba mochedwa. Zaka zonse zam'mbuyo ndinali mmisiri womanga wongoyendayenda, lero sitolo ya mmwenye, mawa mpanda wa tchalitchi, mkuja kukhala pakhonde manja lende. Mu 1990 bungwe lina losamalira nyumba za anthu ochepekedwa m'Chipata linandilemba kukhala kapitawo wa zokonzakonza. Dzina lake sinditchula, linatha kalekale ndipo ena mwa anthu ake akali moyo. Nyumba zake zinali m'munsi mwa phiri, zondandalikana mizeremizere, choncho anthu ankangoti ku Malaini. Iliyonse inali ya zipinda ziwiri, denga la malata lopanda siling'i, ndi kakhitchini kuseri kokwana mayi mmodzi ndi mphaka wake. Munkakhala amesenjala, alonda, osesa m'misewu, ndi amayi amasiye angapo amene amuna awo anamwalira ali pa ntchito. Ifenso anatipatsa nyumba yoyamba mu laini yapamwamba, ija unagwa pa sitepe n'kuthyola dzino.

Bwana wanga anali a Mulenga, Mbemba wamtali wa mawu ngati ng'oma. Monga mukudziwa, ife a kum'mawa kuno ndi Abemba tili pa chimbuya, timanyozana popanda mlandu. Tsiku loyamba anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi n'kuti, "Ndiye andipatsa wodya mbewa? Nkhomaliro yako uzidyera panja, ndisadzaone michira mu ofesi muno." Ine ndinati, "Musadandaule bwana, anyani a m'phiri umu ndawachenjeza kale kuti mwafika." Anaseka mpaka misozi. Tinayamba choncho, ndipo ndinawakonda. Anali munthu wosadya za anthu, koma pa lamulo anali wouma ngati nkhuni ya mtsanya. Chimene chalembedwa, kwa iwo chinali chitatha.

Matenda anga ndiwo kufunsafunsa. Amayi anu amati ine ndingathe kufunsa mbuzi chifukwa chake imatafuna ili chigonere. Ku Malaini ndinapeza zofunsa zambiri. N'chifukwa chiyani nyumba yomweyo imaotcha ngati uvuni mu Okutobala, koma mu Juni mumazizira kuposa panja? N'chifukwa chiyani anthu akatseka mawindo ndi nsanza n'kulowetsa mbaula m'nyumba amadzuka mutu ukuwawa? Ndinkayenda khomo ndi khomo kuika dzanja pa zipupa, kusuzumira m'makhitchini, mpaka amayi ena anayamba kubisa ndiwo akandiona, ati a Kapitawo amayendera mapoto. Ine ndinkati safunsa anadya phula, n'kupitiriza.

1992: Chaka cha chimanga chachikasu

Mvula inakana, ndipo tinadya chimanga chachikasu chobwera pa malole. Ku ntchito nakonso kunauma. Simenti inkasowa miyezi, misomali tinkaizula pa matabwa akale n'kuiwongola pa mwala. Koma chimene chinkandimvetsa chisoni kwambiri chinali nkhuni. Phiri lathu lija linayamba dazi ndikuona ndi maso. Amayi a ku Malaini ankanyamuka mbandakucha kukafuna nkhuni, kubwerako dzuwa lili pamutu ndi kamtolo koti mwana anyamula. Kamtolo kameneko akakaika pa mafuwa, moto wambiri unkangothawira m'mbali, mphika n'kulandira zotsala. Ndinkaima pakhomo la khitchini kuyang'ana malawi akunyambita mphepo, mtima ukundiwawa ngati nkhunizo ndatola ndine.

Chaka chimenecho ndi chimene ndinadziwana ndi a Nambewe. Ankakhala nyumba yomalizira mu laini yakumunsi. Amuna awo, a Zulu, anali mlonda wa bungwe, anamwalira chaka cham'mbuyo n'kuwasiyira ana atatu. Nyumba inali m'dzina la malemuwo, ndipo lamulo linkati wamasiye akhalebe malinga asapalamule kanthu. Kwawo kunali ku Kasenengwa, ndipo dzinja lililonse ankapita kukalima kamunda kawo. Ndinapita kukamata denga la khitchini yawo, ndipo nditakweza maso ndinaona zimanga zomangidwa ndi makoko ake ziwiriziwiri, zili lendelende pa phaso pamwamba pa moto. Pansi pake panali ana okhala duu, milomo yotuwa.

"Amayi, ana ali ndi njala chonchi, chimanga chili pamutu pawo?" ndinafunsa.

"Chimenecho si chakudya, a Kapitawo," anatero. "Ndi mbewu. Amayi anga anandipatsa tsiku la ukwati, iwonso anapatsidwa ndi amayi awo. Ndi chamakolo cholimba, ukasinja sichinyenyeka. Chaka chino anthu adya mbewu zawo, mudzaona akulira mvula ikagwa."

Ndinagwedeza mutu, ndinamata denga langa, n'kumapita. Zimanga zolendewera m'khitchini ndinakula ndikuziona, kwa ine zinali ngati tsache pakona.

1993: Zitofu

Kunabwera anthu a bungwe lina lothandiza, atanyamula chojambula cha chitofu cha njerwa ndi dothi. Chinali ndi kakamwa kakang'ono kolowetsera nkhuni, mabowo awiri a miphika, ndi chumuni chotulukira padenga. Anati akaona kuti zitofu zikusamalidwa, gawo lachiwiri adzaika siling'i m'nyumba zonse kuti anthu aleke kugona ndi mbaula. A Mulenga anasangalala, ine ndiye osanena. Ndinagona nacho chojambulacho masiku angapo ngati mkwatibwi. Choyamba ndinamanga kwathu, ndipo ndinavutitsa amayi anu kuti aphike nyemba kawiri, mphika wina pa mafuwa, wina pa chitofu, ndi mitolo yofanana. Anadandaula kuti nyemba za mlungu wonse zithera masewera anga. Koma za pa chitofu zitapsa nkhuni zinatsalako, pamene za pa mafuwa zinali zikadali gwaa moto utatha. Amayi anu anapukuta m'maso, anapeza mulibe misozi ya utsi, n'kuti, "Ha, nthawi ino misala yanu yabala kanthu."

Tinamanga laini ndi laini m'chilimwe chonsecho. A Mulenga, poopa kutaya siling'i ija, anaika lamulo loti aliyense woononga kapena kusintha chitofu atuluke m'nyumba. Anthu anavomera mosavuta, chifukwa ndani angaononge chinthu chomupulumutsa ku phiri? Nditafika kwa a Nambewe anandithandiza kuponda dothi okha. Ndikumaliza chumuni anaima pakhomo n'kufunsa kuti, "Nanga utsi uzipita kuti?"

"Kunja, amayi! Kumwamba uko!" ndinayankha monyada.

"Wonse?"

"Wonse. Simudzatsokomolanso."

Anayang'ana kudenga, kenako anayang'ana ine. Ndinaganiza kuti akuthokoza mumtima.

1994: Chumuni chosatulutsa utsi

M'nyengo yozizira ndinali ndi chizolowezi chokwera pa chulu cha kumapeto kwa Malaini m'mawa, kuyang'ana utsi ukukwera m'machumuni anga mizeremizere. Ena amaonera mpira, ine ndinkaonera zimenezo. M'mawa wina ndinaona chachilendo. Chumuni cha a Nambewe chinali zii, koma utsi unkatuluka pakhomo la khitchini ndi m'mphepete mwa malata ngati kale. Mawa lake chimodzimodzi. Ndinaganiza kuti ndinalakwitsa pomanga, kapena mbalame yamangamo chisa, ndipo sindinadye bwino mpaka nditatenga makwerero. Ndinalowetsa waya wopinda m'chumunimo, ndinakoka, ndipo kunatuluka thumba la chiguduli lopindidwa bwinobwino. Mbalame sipinda thumba.

Nditayang'ana pansi, a Nambewe anali ataima, manja m'chitenje.

"Amayi, mwaika ndinu ichi?"

"Ndine."

"Asa! Mukudziwa lamulo? Ndinakumangirani chinthu chabwino, inu n'kuchitseka pakhosi?"

"Tsikani muone, a Kapitawo."

Analowa m'nyumba, anatuluka ndi chimanga chimodzi chakale, n'kuchigwedeza pamaso panga. Munatuluka fumbi ngati ufa, ndipo njere iliyonse inali ndi kabowo. Anati, "Iyi ndi mbewu yanga ya chaka chatha. Ndinaipachika malo ake a nthawi zonse. Utsi munautulutsa wonse monga munalonjeza, ndiye anankafumbwe analowa ngati alendo a paukwati. Mvula itagwa ndinatsitsa, ndinapeza izi. Ndinalira ngati a Zulu amwaliranso. Mwayi wake zimanga zochepa ndinali nditaiwala m'khitchini ya mng'ono wanga kumudzi. Ndi zimene ndinabzala, ndipo zimene mukuona pa phasozo ndi zokhazo zatsala pa dziko lonse."

Ndinakhala pa njerwa. Kumudzi mwana aliyense amadziwa kuti utsi ndiwo mlonda wa mbewu. Ife tonse, ine, a Mulenga, ngakhale amene anajambula chitofu, tinkaona nyumba za m'tauni n'kuganiza kuti okhalamo ndi a m'tauni. Koma theka la Malaini linali alimi ogona m'tauni. Matenda anga aja anadzuka pomwepo. Bwanji osaisiya kumudzi? Anati kumudzi njala ikalowa mbewu imasanduka mphale, akufuna aziiona ndi maso awo. Nanga mankhwala a m'sitolo? Anangondiyang'ana, ndipo ndinachita manyazi ndi funso langa. Nanga phulusa? Anayesapo m'chitini, inachita nkhungu. Ndinafunsa ngati utsi uyenera kukhala wotentha kapena ungofika, ngati chimene anankafumbwe amadana nacho ndi fungo kapena kuuma. Anaseka koyamba n'kuti, "Zimenezo mukawafunse eni ake anankafumbwe."

Thumba lija ndinalisiya pakhonde n'kumapita. M'mawa mwake chumuni chinalinso zii.

Ku Malaini nkhani sigona. Panali munthu wina amene mphwake ankadikira nyumba, ndipo pasanathe mlungu a Mulenga anandiitana. Anati nkhani yafika kale kwa akuluakulu a bungwe, alendo othandiza aja akubwera kudzayendera mu Seputembala, ndipo wamasiye wapalamula. Chinatsala n'chakuti ine, monga kapitawo, ndisaine kuti chitofu chaonongedwa ndi wokhalamo, mayiyo atuluke. Ndinawafotokozera za mbewu. Anati, "Awe, kwathunso amayi anga amapachika mawere pa moto. Bwanji sitinaganize?" Ndinati zatheka. Koma anapitiriza kuti, "Komabe tamvera, Sakala. Ndikamulekerera mmodzi, mwezi wamawa machumuni onse adzakhala ndi matumba. Alendo akaona, siling'i yapita. Ukufuna ana a Malaini onse azigonabe ndi mbaula chifukwa cha zimanga za mayi mmodzi?" Sankanama. Ndinangopempha kuti andipatseko nthawi.

Ndinabwerera kunyumba n'kuyamba kuyang'anitsitsa chumuni chathu. Funso linali limodzi: kodi utsi sungagwire ntchito yake ya ulonda uli pa ulendo wotuluka? Ndinagumula njerwa zingapo m'mbali mwa chumuni, ndinamanga kabokosi kotulukira kunja ngati chotupa, ndinaika waya wa sefa pansi pake ndi kachitseko kamalata, kuti utsi uzidutsa m'kabokosimo usanakwere kudenga. Ndinaikamo chimanga chathu chodya. Kuyesa koyamba ndinakamanga pafupi kwambiri ndi moto. Madzulo titatsegula, chimanga chinali chitapsa bwinobwino, ndipo amene anadya kwambiri ndi iwe Agnesi, uli ndi dzino lako lothyoka lija. Amayi anu anati, "Zikomo atate, bungwe layamba kuphikira ana." Ndinagumula, ndinakweza kabokosi pafupi ndi denga kumene utsi umafika utazizirako. Ndinkaikamo dzanja nthawi ndi nthawi mpaka chikhatho chinada osachoka ndi sopo. Ndinatenga chimanga chofumbwa kwa a Nambewe n'kuikamo pamodzi ndi chathu chabwinobwino, ndipo patapita masiku anankafumbwe anali atagwera pa sefa, miyendo m'mwamba. Chabwinobwino chija ndinatong'ola njere zake, ndinaziika pa chiguduli chonyowa kuseri kwa mtsuko, n'kudikira. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ine ndinkavundukula m'mawa uliwonse ngati mwana. Tsiku lina ndinapeza timizu toyera tatuluka. Ndinafuula mpaka amayi anu anathamanga poganiza kuti ndaona njoka.

Ndinathamangira ku ofesi ndi chiguduli changa chonyowa. A Mulenga anaona, anagwira timizuto ndi chala, ndipo ndinaona kuti zawakondweretsa. Koma anati chojambula si chathu, kusintha kulikonse kuyenera kuvomerezedwa ndi eni ake ku Lusaka, ndipo yankho lingatenge miyezi. Alendo akubwera mlungu wamawa, akuluakulu akufuna siginecha yanga Lolemba. "Ndakupatsa nthawi, yatha," anatero.

Ana anga, apa ndi pamene panali povuta pa ntchito yanga yonse. Ndikasaina, mayi ndi ana atatu atuluka ndi mphasa pamutu. Ndikangokana, a Mulenga aitana mmisiri wina, apeza thumba, asaina iyeyo. Njira inatsala imodzi, ndipo sindinaikonde. Ndinauza amayi anu Lachisanu madzulo. Anati, "Akakuchotsani ntchito tidzadya chumuni chanucho? Ana ali pa sukulu, nyumba ino si yathu." Ndinati ndamva. Tinakagona. Loweruka m'mawa ndinapeza chipande changa chomangira ndi hamala zili pakhomo, zotsukidwa, ndi mbatata yophika pambali pake.

Ndinadikira dala dzuwa likwere, nthawi imene amayi onse amakhala panja kuchapa. Ndinadutsa pakati pa malaini ndi makwerero paphewa, ndikupereka moni mokweza khomo lililonse kuti aliyense andione. Kwa a Nambewe ndinakwera padenga, ndinachotsa thumba lija n'kuliponya pansi. Kenako ndinalowa m'khitchini n'kuyamba kumenya chumuni ndi hamala. Iwo anagwira kumutu.

"Mayo ine, a Kapitawo! Mwabwera kudzandimaliza?"

"Tsitsani mbewu yanu, amayi. Ndipo wina akakufunsani, munene zoona zokhazokha: wagumula ndani?"

"Ndinu."

"Basi. Bwerezani mokweza, amve a nyumba iyo."

Pofika masana kabokosi kanali katatha. Anaikamo zimanga zawo chimodzichimodzi, akuzipukuta ndi chitenje. Tinasonkha moto, tinatuluka panja, ndipo utsi unakwera m'chumuni bwinobwino. M'khitchini munali mbee. A Nambewe anatsegula kachitseko pang'ono, utsi unawapuma kumaso, anatsokomola, n'kuseka ngati mtsikana.

Lolemba ndinalowa mu ofesi n'kunena kuti, "Bwana, sindingasaine kuti wokhalamo waononga chitofu. Thumba mulibe, chumuni chikukoka. Chimene chasintha pamenepo ndasintha ndine, ndi hamala ya bungwe, Malaini onse akuona." Ndinayesa kuwonjezera nthabwala, ndinati wodya mbewa wakumba una m'chumuni. Sanaseke. Anavula magalasi n'kuti, "Lero palibe chimbuya, a Sakala." Zaka zonsezo ankandiitana kuti Sakala, kapena iwe. Kundilemekeza kumeneko kunandipweteka kuposa mbama.

Alendo anabwera, mayi wachizungu ndi bambo wina wa ku Lusaka. Anafika kwa a Nambewe, anaona chotupa pa chumuni, anatsegula, anapeza chimanga. Anafunsa mafunso ambiri, ena abwino kuposa anga, analemba, n'kumapita osanena ngati zawakomera kapena ayi. Mlandu wa a Nambewe unafera pomwepo, chifukwa panalibe choti awanenere. Unatsala wanga.

1995: Ku Madzimoyo

Siling'i inachedwa chaka chathunthu. Kaya chinali chifukwa cha kabokosi kanga, kaya zinali za ku maofesi awo komweko, sindikudziwa mpaka lero, ndipo ndafunsapo ambiri. Koma ku Malaini anthu ankati ndine. Juni wa chaka chimenecho kunazizira koopsa, ndipo bambo wina anandiimitsa pa msewu n'kuti, "Mwana wanga akutsokomola chifukwa cha nzeru zanu." Walira mvula walira matope. Chodabwitsa n'chakuti amayi ena, amuna awo akundinyoza masana, ankabwera kwa amayi anu mwakachetechete kudzafunsa ngati a Kapitawo angawamangire kabokosi. Ndi pamene ndinadziwa kuti a Nambewe sanali okha amene analira mbewu chaka chija, kungoti ena analira chamumtima.

Ukapitawo anandilanda. Ananditumiza kuno ku Madzimoyo kukasamalira tinyumba tochepa ta bungwe, ntchito yoti munthu amaliza Lachiwiri n'kumayang'ana mitambo mlungu wonse. Inu munalira posiya anzanu a m'tauni, ndipo amayi anu sanandilankhule bwino mpaka Khirisimasi. Tsiku lonyamuka a Mulenga anabwera tikukweza katundu pa lole. Anaima patali pang'ono, manja kumbuyo, kenako anati, "Pita, wodya mbewa iwe. Ndakutumiza kumene kuli ndiwo zako zambiri." Ndinati, "Anyani atsala pa mavuto." Anatembenuka msanga n'kumapita. Akuluakulu ankafuna kundichotseratu, zimenezo ndinamva pambuyo pake. Ngati kunditumiza kuno chinali chilango kapena kundibisa, a Mulenga anapita nazo kumanda, ndipo pa mafunso onse a moyo wanga limeneli ndi limene limandisowetsa mtendere.

Mu Novembala, mitambo itayamba kuda, ndinali kuseri kusula khasu pamene amayi anu anaitana kuti kwabwera mlendo. Anali a Nambewe, fumbi mpaka m'maondo. Anali pa ulendo wopita ku Kasenengwa kukabzala, ndipo anatsika lole panjira kuti atipeze. Anakana mpando, anakhala pa mphasa, anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa zimanga ziwiri zakuda bii. Anasenda makoko a chimodzi. M'kati munali njere zoyera, zolimba, popanda kabowo ngakhale kamodzi.

"Nyumba ndikadali momwemo, a Kapitawo," anatero.

"Sindinenso kapitawo, amayi."

"Zimenezo n'za ku ofesi. Tengani izi. Amayi anga anati mbewu iyi isatuluke m'banja." Anaziika m'manja mwanga, anatseka zala zanga ndi dzanja lawo, n'kuti, "Ndiye sikuti yatuluka, achimwene."

Ndinachita chibwibwi, ndipo nthawi imeneyo sindinali wokwiya.

Nyumba ija pambuyo pake inadzakhala yawoyawo, ndipo anamwalira ali momwemo. Zimanga ziwirizo tinabzala kuseri kwa nyumba. Chaka chilichonse kuyambira pamenepo ndimasankha zabwino, ndimazimanga ndi makoko ake, n'kuziika m'kabokosi kamene ndinamanga kunonso. Ufa umene munkanyamula popita ku sukulu yogonera, umene umatiuza pa foni kuti tikutumizire chifukwa wa m'sitolo sukoma, ndi wa chimanga chimenecho.

Nkhuku zako zinadya zambiri, Agnesi. Ndinagwada m'khola ndi maondo anga okalambawa, ndinalanditsa zimanga zitatu ndi njere zodzaza chikhatho. Zikwana, a Nambewe anayambiranso ndi zochepa kuposa pamenepo. Ndaziikanso m'chumuni, ndipo amayi ako akusonkha moto m'mawa ndi madzulo. Chimodzi mwa zitatuzo ndachimanga ndi kansalu kofiira. Ukadzabwera mvula yoyamba ikagwa, tsache ulisiye kwanu, ubwere ndi khasu. Chofiiracho n'chako.